Amayi Akupuma

Mlendoyo sanagogode, sanaodirenso. Anangotulukira pakhomo ndi thumba lapulasitiki m'manja, thukuta lili kamukamu pamphumi, n'kuima pomwepo maso ali pansi ngati akufunafuna singano yogwa.

Mzime anali atakhala pa tebulo lodulirapo nsalu, miyendo ili lendelende, akuwerenga kabuku kachikondi kothothoka chikuto. Dzina lenileni anali nalo, koma poti ndiye anatseka mimba ya mayi ake, nyumba yonse ndi msewu wonse zinkangomuti Mzime. Tsiku limenelo anapatsidwa ntchito imodzi yokha, yolondera khomo. Mayi ake, omwe anthu ankawatchula kuti Mayi Singano chifukwa cha utelala wawo, anali m'kachipinda kakumbuyo kusoka diresi laukwati la mwana wawo wamkulu, ndipo analamula kuti diso la munthu lisalione mpaka tsiku lake. Diso lomwe ankaliopa kwambiri linali la Mayi Wailesi, aneba a kuseri kwa mpanda, omwe akaona kanthu m'mawa, pofika masana kamakhala katamveka mpaka kumsika, katathiridwanso mchere.

M'mabuku a Mzime, mwamuna wofika mosayembekezereka amakhala mmodzi mwa awiri, wodzakufunsira kapena wodzakuchita chipongwe. Anamuyang'ana mlendoyo kuyambira kumutu mpaka kumapazi. Anali wamtali, wa maso ofatsa, ndipo padzanja lamanja anali ndi tizipsera tamoto. Mzime anagamula mumtima kuti ameneyu ndi kazitape wa kuchimuna, watumidwa kudzaona diresi. Zinamukhumudwitsa pang'ono, poti nkhope inali yoyenera mbali inayo.

"Tikuthandizeni, achimwene?"

Mnyamatayo anatsegula pakamwa. Milomo inagwedezeka, mitsempha ya m'khosi inatupa, koma mawu anakanirira kummero. Analoza chitseko chakumbuyo, n'kuyesanso.

"M-m-muli munthu?"

Mzime anatsika patebulo n'kuima pakati pa njira, manja m'chiuno. Anamuuza kuti muli mayi ake, akupuma, ndipo simulowa munthu. Sankanama ayi. Makina osokera anali atakhala chete chidyere chakudya chamasana, ndipo aliyense m'nyumbamo ankadziwa kuti msana ukawavuta, Mayi Singano amayala nsalu pansi pa simenti n'kudziwongola pang'ono.

"Aku-aku-akupuma?"

"Ndati akupuma. Mubwere mawa."

Mlendoyo anapukusa mutu mwamphamvu. Anaika thumba pansi, n'kugwira pachifuwa pake ndi manja onse awiri. Anakoka mpweya mpaka chifuwa chinakwera, anautulutsa, kenako analozanso chitseko chija.

"K-kupuma uku. G-gasi."

Kabuku kanagwa m'manja mwa Mzime. Zinthu zomwe tsiku lonse zinali zobalalika zinalumikizana nthawi imodzi. Chiyambire m'mawa ankamva kafungo ngati ka khoswe wofera kuseri kwa kabati, koma iye ndi mayi ake onse anali ndi chimfine chotseka mphuno, ndiye anangopopera perefyumu pabalaza n'kuiwala. Silinda ya gasi ndi kasitovu kake anazisamutsira m'kachipindako sabata yathayo, kuti magetsi akazima azitenthetserapo simbi yakale yositira. Zenera analitseka n'kulipachika bulangete. Pansi pa chitseko anatsekapo ndi zidutswa za nsalu kuti fumbi lisadetse diresi. Ndipo kachipindako kanali kotsika, polowa munthu ankachita kutsika sitepe.

Anathamangira kuchitseko n'kuitana mayi ake. Anaitananso, akumenya ndi chikhatho. M'katimo munali zii. Chitseko chinali chokoweka m'kati ndi kambedza kachitsulo, monga ankachitira masiku onse a chinsinsicho.

Kakhonde kopita kuchipindako kanali kamdima, ndipo dzanja la Mzime linapita lokha pa swichi ya getsi. Lisanafike, mlendo uja analigwira pamkono n'kulibweza. Mzime atasolola foni m'thumba kuti aimbire mkulu wake, mnyamatayo anailanda, anathamanga nayo kukaiika panja pa khonde, n'kubwerera. Sanafunike kufotokoza zambiri. Anangokhudzitsa nsonga za zala ziwiri n'kuzitaya m'mwamba, ndipo Mzime anamva kuti kamoto kakang'ono kothetheka mu swichi kapena mu foni kakanakwanira kuyatsa nyumba yonse.

Mzime anabwera ndi sizasi yaikulu kuti akanule chitseko. Mlendoyo anaikananso, poti chitsulo chikakhulana ndi chitsulo chimathetheka. Anatenga lula wamtengo woyezera nsalu pa tebulo lija n'kumulowetsa pampata wa chitseko ndi felemu. Lula ankafika pa kambedzako koma kankakana kunyamuka. Anayesa kangapo, koma osatheka.

Apa m'pamene Mzime anakumbukira khalidwe la chitseko cha kwawo. Chinali cholendewera mbali imodzi, ndipo kambedza kankamasuka pokhapokha munthu akachikokera kwa iye n'kuchinyamula pang'ono. Anagwira chogwirira ndi manja awiri, anakoka, ananyamula ndi mphamvu zomwe sankadziwa kuti ali nazo. Kambedza kanalira kuti kwete, chitseko n'kutseguka.

Fungo linawamenya ngati mbama, ngakhale mphuno ya chimfine inalimva. Pakona pankamveka kamluzu kosalekeza, kochepa ngati ka njoka. Diresi loyera linali lopachikidwa pakhoma, litatambasula manja ngati munthu woimirira, ndipo pansi pake Mayi Singano anali atagona cham'mbali, tepi yoyezera ikadali m'khosi, nkhope ili phee ngati ya munthu amene akulota zabwino.

Mlendoyo anamukankhira Mzime kumbuyo n'kumulozera mazenera a pabalaza. Iye anathamangira pakhomo, anakoka mpweya wambiri wa panja, anaugwira m'chifuwa, n'kulowa. Anapotokola kampopi ka pamwamba pa silinda ndipo mluzu uja unaleka. Anagwetsa bulangete, anakankha zenera, kenako anawerama n'kugwira mayiwo m'khwapa. Mzime anali atatsegula kale mazenera onse. Anachita monga anaonera, anakoka mpweya pakhomo n'kulowa kukagwira miyendo. Mayi ake anali olemera modabwitsa, mutu uli lobodo, ndipo nsapato imodzi inatsalira pa sitepe.

Anawagoneka cham'mbali pamthunzi wa mtengo wa pabwalo. Mnyamatayo anamasula batani la pakhosi, anagwada n'kuika khutu pafupi ndi pakamwa pawo, maso ali pachifuwa. Mzime sankaona chilichonse chikuyenda. Kenako anaona kaulusi koyera komwe kanamatirira pamlomo wa mayi ake, mwa timaulusi tomwe ankadula ndi mano. Kaulusiko kanagwedezeka. Kanaima. Kanagwedezekanso.

"Akupuma," anatero mlendoyo, ndipo ulendo uno liwulo linatuluka lathunthu, losadukiza.

 Mzime anakhala pansi pa dothi n'kuyamba kulira kulira kwa munthu amene watula katundu.

Mayi Wailesi anali atafika kale, poti phokoso la chitseko silikanawadutsa. Anamva fungo ali pageti ndipo sanafunse zambiri. Tsiku limenelo pakamwa pawo panagwira ntchito yomwe panalengedwera. Anaima pamsewu n'kulengeza kuti aliyense azimitse moto, asayatse machesi, ana achoke kufupi ndi nyumbayo. Amuna awo, oyendetsa takisi, anabwera ndudu ili pakamwa, ndipo mayiwo anaitsomphola n'kuiviika m'ndowa ya madzi asananene n'komwe moni. Anafuna kuwamwetsa odwalawo mkaka, koma mlendo uja anatchinga ndi dzanja, n'kulimbana ndi mawu mpaka anamveka kuti munthu wokomoka samwetsedwa kanthu, angatsamwe.

Mphepo inali kulowa pakhomo lakumaso n'kutulukira pazenera la kachipinda kaja. Makatani ankauluka. Ndipo kudzera pazeneralo, diresi lomwe linabisidwa mwezi wathunthu linali poyera, likuvina pang'onopang'ono pamaso pa msewu wonse.

Mayi Singano anatsokomola. Anatsokomolanso, anasanza pang'ono, n'kutsegula maso. Anayang'ana masamba a mtengo pamwamba pawo, anayang'ana nkhope zowazungulira, kenako maso awo anakafika pa nyumba.

"Watsegula zenera langa ndani? Fumbi lonselo."

Mzime anaseka misozi ili m'masaya, Mayi Wailesi anaseka mpaka kugwira mtengo, ndipo ngakhale amuna awo omwe ankadandaulabe za ndudu yawo anamwetulira. Anawanyamulira m'takisi, yomwe anaiimika patali ndithu ndi nyumba, n'kupita nawo kuchipatala ngakhale eni akewo ankakana kuti alibe vuto, ndi mutu chabe.

Kuchipatala anawaveka chopumira cha okosijeni. Namwino wina wachikulire, akuwayeza, anamufotokozera Mzime kuti gasi wophikira ndi wolemera kuposa mpweya, ndiye akatuluka sakwera kudenga ngati utsi. Amatsikira pansi n'kuyamba kudzaza chipinda ngati madzi m'beseni, kuthamangitsa mpweya wabwino. Woimirira amangomva chizungulire, koma wogona pansi amamira popanda dontho la madzi, ndipo choopsa n'chakuti kumirako kumabwera ngati tulo tokoma. Anati fungo loipalo amachita kuliikamo dala kuti lizichenjeza anthu, ndiye wolipopera perefyumu ali ngati womanga pakamwa galu wolondera. Mzime anayang'ana pansi. Namwinoyo anamusisita paphewa n'kunena kuti mayi ake achira, afika nthawi yabwino.

Atakhala pa benchi kudikira, mtima utabwerera m'malo, m'pamene Mzime anazindikira kuti mlendo uja sanakwere nawo takisi. Sankadziwa dzina lake, kumene amakhala, ngakhale chomwe chinamufikitsa pakhomo pawo. M'mabuku ake anthu oterewa amazimiririka, wotsalayo n'kumawafunafuna mpaka tsamba lomaliza. Anadziuza kuti akungofuna kumuthokoza basi. Koma ankangokumbukira malo a pamkono pomwe anamugwira.

Anawatulutsa m'chipatala dzuwa litapendeka. Takisi itakhota pakona, Mzime anamuona mlendo uja. Anali atakhala pa sitepe ya khonde, thumba lake pamiyendo, foni ya Mzime pambali pake, akulondera nyumba yotsegula zitseko zonse. Silinda anali ataitulutsa n'kuiimika chilili pamthunzi, kutali ndi khomo. Mayi Wailesi anali atakhala chapafupi, ndipo zinkaoneka kuti nthawi yonseyo analankhula okha popanda wowadula, chimene kwa iwo chinali phwando.

Mayi Singano anakhala pa mpando womwe anawatulutsira pabwalo, n'kufunsa kuti gasiyo anathawira pati, poti sitovu anaizimitsa ndi dzanja lawo. Mnyamatayo anapempha sopo ndi madzi m'kambale. Anapanga thovu, analipaka paipi yonse kuchokera ku silinda mpaka ku sitovu, n'kutsegula kampopi pang'ono pabwalo pomwepo. Paipi yonse inali chete kupatula malo amodzi, pomwe thovu linafufuma n'kuyamba kuwira. Anatseka msanga.

Pamalopo panali chigamba. Chinali cha nsalu ya maluwa ofiira, chokulungidwa bwinobwino kuzungulira paipi, chosokedwa ndi timisoko ting'onoting'ono tofanana ngati mano a mwana. Mzime anachizindikira, inali nsalu yotsala pa siketi yake.

Mayi Singano anakweza chibwano. Anati paipiyo inachita mng'alu itapanidwa ndi mwendo wa makina, ndipo iwo chiyambire utelala sanatayepo chinthu chifukwa chong'ambika. Anasokapo matenti, zikwama, nsapato, ngakhale mpando wa njinga, ndipo chigamba chawo sichinathothokepo.

"Sichinathothoke ndithu," anatero Mayi Wailesi. "Chikanakuperekezani mpaka kumanda chili chilimbire."

Mzime anawakumbutsa mayi ake kuti iwo omwe amauza makasitomala kuti nsalu ya thonje ndi yabwino nthawi yotentha chifukwa imalowa mphepo. Mayiwo anayang'ana chigambacho nthawi yaitali. Kenako anapempha sizasi, anadula paipiyo pakati ndi dzanja lawo kuti wina asadzaitolenso, n'kuiponya m'bini.

Pang'onopang'ono, mawu akuduka n'kulumikizika, mlendoyo anafotokoza zotsala, ndipo palibe anamuthamangitsa. Anati paipi yong'aluka siikidwa chigamba cha mtundu uliwonse, imasinthidwa, n'kumangidwa kumapeto konse ndi timikombero tachitsulo. Silinda imafuna malo opita mphepo, osati chipinda chotsekedwa kapena chogonamo munthu, ndipo ukamaliza kuphika umatseka pa silinda pomwe, osati pa sitovu pokha. Ukakayika, sopo ndi madzi, osati machesi. Ankazidziwa izi chifukwa ndi wophika ku hotela ina, kumene gasi amakhala naye tsiku lonse. Masana amenewo ankadutsa m'kanjira ka kuseri kwa nyumba, ndipo atawerama kuti amange chingwe cha nsapato, mphuno yake inafika pafupi ndi kabowo ka m'munsi mwa khoma kotulutsira madzi okolopera. Fungo linali kutuluka pamenepo.

Mzime anakwinya nkhope. Kanjira kameneko sikapita kulikonse, kamathera pa mpanda. Anafunsa chomwe munthu angakafune kumeneko.

Mnyamatayo anayang'ana zala zake. Amene anayankha ndi Mayi Wailesi, mosangalala ngati munthu amene wasunga nkhani mpaka yapsa. Anati mnyamata ameneyu akhala akumuona kuyambira mwezi watha. Amabwera ndi thumba lomweli, amafika pageti, amasuzumira pa tebulo lodulira nsalu, kenako amakhotera m'kanjirako ngati waiwala kanthu, n'kubwerera kwawo. Iwo ankaganiza kuti ndi wakuba wamanyazi.

"Ndiye simunanene bwanji, inu a Wailesi?" anafunsa Mayi Singano.

"Ndimafuna ndione kaye mathero ake."

 Mzime anayamba kutolera kambale ka sopo komwe sikankafunika kutoleredwa.

Mayi Singano anatambasula dzanja, ndipo mlendoyo anawapatsa thumba lija. Munali jekete lakuda, labwino ndithu, long'ambika pang'ono m'khwapa, ntchito yosatenga nthawi. Mnyamatayo anavomera, akuyang'anabe pansi, kuti chinkamubweza pageti si jeketelo. Telala aliyense amafunsa dzina kuti alembe ndi choko m'kati mwa chovala, ndipo pa mawu onse a padziko, limene limamukanika kwambiri ndi dzina lake lomwe. Akamafunsidwa ndi munthu amene sakufuna kuchita manyazi pamaso pake, ndiye limakaniratu.

 Kuzenera, diresi linkagwedezekabe ndi mphepo yamadzulo, fungo likuchokamo. Mayi Singano analiyang'ana n'kupuma mozama, mpweya wonse wokwanira m'chifuwa, ngati akuulawa. Anati chinsinsi chapita, chipite, bola adzaliona likuvalidwa. Mayi Wailesi analumbira kuti iwo sanaone kalikonse, kungoti manja a diresilo akanafupikitsidwa pang'ono.

Mayi Singano anamutuma Mzime kukatenga choko. Atabwera nacho, mayi ake sanachilandire. Anamupatsa jekete n'kumuuza kuti alembe yekha, iwo manja akunjenjemerabe, ngakhale aliyense anaona mmene anadulira paipi ija. Kenako anatembenukira kwa mlendoyo.

"Mwananga, moyo wanga wautola pansi lero. Sindingamathokoze munthu wopanda dzina. Nthawi ilipo, palibe akuthamangira kulikonse."

Mnyamatayo anakoka mpweya. Milomo inakonzeka, khosi linalimba, liwu linagunda pakhomo n'kubwerera. Mayi Wailesi anatsegula pakamwa kuti amuthandize, koma Mzime anawaponda chala. Iye anagwada pafupi ndi sitepe, jekete pabondo, choko m'manja, osamuyang'ana kumaso kuti asamulemetse. Anadikira. Mbalame zinkakangana mumtengo.

"K-k-kambani."

Mzime anadzutsa mutu. "Ife takamba kale, achimwene. Yatsala mbali yanu."

Mnyamatayo anapukusa mutu, ndipo kwa nthawi yoyamba chifikire anaseka, kuseka koyera kopanda chibwibwi. Analoza choko, kenako anadziloza pachifuwa.

"Ndilo dzina langa. Kambani."